NYIMBO YOONEDWA NDI MASO: MBIRI YA MAVIDIYO A NYIMBO

Kodi ndi liti pamene munamva nyimbo yatsopano ndi makutu cabe, osaona nkhope ya woimba, zobvala zace ndi kabvinidwe kace? Masiku ano nyimbo ikangotuluka, mnzanu amayamba ndi kukufunsani kuti, "Kodi vidiyo yace waiona?" Makolo athu akale anali kuona woimba pokhapokha atapita kubwalo kumene ng'oma inali kulira. Agogo athu a nthawi ya galamafoni ndi wailesi anali kumva mau koma nkhope osaiona. Ife tinabadwa nyimbo itabvala kale cithunzi, ndipo timaganiza kuti zinali tero kuyambira kale. Ai, pali anthu amene anaziyamba, ndipo anali ndi zifukwa zao. Tiyeni tilondole mapazi ao, cifukwa munthu wodziwa kumene cinthu cinacokera sapusitsidwa naco msanga.

Ciyambi cace cinali malonda

Mu 1894 mu mzinda wa New York munali amalonda awiri, Edward B. Marks ndi Joseph Stern, amene anali kugulitsa nyimbo zosindikizidwa pa mapepala. Nthawi imeneyo munthu akakonda nyimbo anali kugula pepala lace kuti akaiimbe kunyumba pa piyano. Pofuna kuti nyimbo yao ina yonena za mwana wosocera igulidwe, analemba nchito George Thomas kuti ajambule zithunzi pa magalasi. Woimba akamaimba m'holo, makina okhala ndi nyali anali kuonetsa zithunzizo pa nsalu, cimodzi-cimodzi, molondola nkhani ya m'nyimbo. Anthu anatengeka mtima, ndipo mapepala anagulidwa kwambiri. Musaiwale mfundo imeneyi: tsiku loyamba limene nyimbo inakumana ndi cithunzi, anazikumanitsa anali wamalonda.

Mafilimu atayamba kulankhula, makamaka kucokera pa The Jazz Singer ya mu 1927, njira inatseguka. M'zaka za m'ma 1940 kampani ya Mills Novelty ya ku Chicago inapanga bokosi lalikulu lochedwa Panoram, limene linali kuikidwa m'mabawa, m'malo odyera ndi m'masiteshoni. Munthu anali kuponyamo kandalama ka masenti 10, ndipo kafilimu ka mphindi zitatu kanali kuonekera pagalasi. Timafilimu timeneti tinali kuchedwa Soundies. Oimba anali kuyamba ajambula mau, ndipo pambuyo pace anali kuimirira patsogolo pa kamera ndi kugwedeza milomo motsatira mau ojambulidwa kale. Mwambo umenewu ulipo mpaka lero. Malonda a Soundies anatha mu 1947, koma anasiya cuma cimene eni ace sanaciganizire. Oimba akuda monga Duke Ellington, Fats Waller ndi Sister Rosetta Tharpe, amene makampani akulu a mafilimu sanali kuwapatsa malo okwanira, anajambulidwa m'menemo, ndipo lero tikhoza kuona ndi maso athu mmene anali kuimbira. Ku France kunabweranso bokosi lina lotere lochedwa Scopitone, limene linachuka m'zaka za m'ma 1960 ndi zithunzi za mitundu-mitundu.

Woimba sangakhale malo awiri nthawi imodzi

Wailesi ya kanema itafala, panabuka bvuto lina. Pulogalamu ya BBC yochedwa Top of the Pops, imene inayamba mu 1964, inali kufuna oimba ochuka sabata iriyonse. Ku America nakonso mawailesi anali kuwafuna. Gulu la The Beatles linatopa ndi maulendo. Kucokera mu 1965 anayamba kujambulitsa timafilimu ta nyimbo zao ndi kutitumiza ku mawailesi m'malo mopita okha, ndipo mu August 1966 analekeratu kuyendayenda kukaimba m'mabwalo. Mafilimu ao a mu 1967 anapitirira pamenepo. Mu filimu ya Strawberry Fields Forever simuwaona akuliza magitala monga pa siteji. Mumawaona ali m'munda usiku, pafupi ndi mtengo waukulu, zithunzi zina zikuyenda cobwerera m'mbuyo. Anthu anazindikira kuti cithunzi cingathe kukhala ndi maloto ace-ace.

Mu 1965 Bob Dylan anaimirira m'kanjira kena ku London atanyamula makadi olembedwa mau a nyimbo yace, ndi kumawagwetsa limodzi-limodzi pamene nyimbo inali kulira, iye osatsegula pakamwa. Mavidiyo amene mumawaona lero oonetsa mau okha-okha ndi zidzukulu za kafilimu kameneko.

Mu 1975 gulu la Queen linatulutsa Bohemian Rhapsody, nyimbo ya mphindi pafupi-fupi zisanu ndi imodzi, yokhala ndi mau ambiri osanjikizana amene sakanatheka kuimbidwa pa siteji monga momwe analiri pa mbale. Bruce Gowers anawajambula kwa maola ngati anai cabe, nkhope zinai zikuwala mumdima. Filimuyo inaonetsedwa pa Top of the Pops, ndipo nyimboyo inakhala pa nambala 1 ku Britain kwa masabata 9. Makampani a nyimbo anaona, nawerengera ndalama, ndipo kucokera pamenepo kujambula vidiyo kunayamba kukhala mbali ya nchito yogulitsa nyimbo.

Wailesi yosagona ya MTV

Pa 1 August 1981 ku America kunatsegulidwa wailesi ya kanema yochedwa MTV, yoonetsa mavidiyo a nyimbo usana ndi usiku. Vidiyo yoyamba inali ya gulu la The Buggles, Video Killed the Radio Star, dzina limene likunena kuti vidiyo yapha katswiri wa pa wailesi. Anaisankha dala. Nzeru ya malonda ao inali yapafupi. Poyamba makampani a nyimbo anali kupereka mavidiyo kwaulere, pakuti kwa iwo kunali kulengeza katundu. MTV inali kupeza zoonetsa popanda kulipira, ndi kugulitsa mpata wa malonda kwa makampani ena ofuna ndalama za acinyamata. Woonera anali kuganiza kuti malonda amabwera pakati pa nyimbo, osadziwa kuti nyimbo zomwezo zinali malonda.

Magulu a ku Britain, amene anali atazolowera kale kujambula, ndiwo anayamba kupindula. A Duran Duran anapita kukajambula ku Sri Lanka ndi ku Antigua, atabvala masuti okongola pa bwato, ndipo acinyamata a ku America anathamangira kukagula mbale zao. Kucokera nthawi imeneyo maonekedwe a woimba anayamba kulemera mofanana ndi mau ace, ndipo nthawi zina kuposa.

Koma panali cilema. M'zaka zoyamba MTV inali kuonetsa oimba akuda ocepa kwambiri, ponena kuti iyo ndi wailesi ya nyimbo za rock. Mu 1983 David Bowie, ali pa MTV pomwepo, anafunsa mtolankhani wao cifukwa cace oimba akuda sanali kuoneka. Caka comweco vidiyo ya Michael Jackson ya Billie Jean inayamba kuonetsedwa kawiri-kawiri, ndipo citseko cinatseguka. Mu December 1983 kunatuluka Thriller, yotsogoleredwa ndi John Landis, munthu wopanga mafilimu enieni. Inali ya mphindi pafupi-fupi 14, inadya ndalama zokwana ngati madola 500,000, ndipo inali ndi nkhani, zokambirana ndi gule amene ana pa dziko lonse anayamba kutsanzira. Mu 2009 laibulale yaikulu ya boma la America inaiika pa mndandanda wa mafilimu oyenera kusungidwa. Mu 1988 MTV inayamba pulogalamu ya Yo! MTV Raps, imene inanyamula nyimbo za rap, pamodzi ndi zipewa, nsapato ndi kayendedwe kace, kuzifikitsa kumaiko akutali.

Mitundu itatu imene mudzaipeza

Mukapenyetsetsa, mavidiyo ambiri amagwera m'magulu atatu, ngakhale kuti kawiri-kawiri amasakanizana.

Mtundu woyamba ndi woonetsa woimba akuimba, kaya pa siteji, m'cipinda kapena pa phiri. Colinga cace ndi kukutsimikizirani kuti munthuyu ali ndi luso, ndi kukupatsani njala yopita kukamuona. Uwu ndiwo mtundu wakale koposa ndiponso wosadya ndalama zambiri.

Waciwiri ndi wosimba nkhani, monga sewero lalifupi. Pamakhala mnyamata ndi mtsikana, kukangana ndi kukhululukirana, kapena mwana wosauka amene apeza mwai. Vidiyo ya gulu la a-ha ya mu 1985, Take On Me, inasimba za mtsikana wokokedwa kulowa m'buku la zithunzi, ndipo akatswiri anajambula zithunzi zace ndi pensulo cimodzi-cimodzi. Nyimboyo inali italephera pamsika poyamba, koma itajambulidwanso ndi kupatsidwa vidiyo imeneyi inafika pa nambala 1 ku America.

Wacitatu ndi woima pa ganizo limodzi lodabwitsa, lopanda nkhani yeniyeni. Mu 1986 Peter Gabriel anagona pansi pa galasi kwa maola 16 pamene anali kumujambula cithunzi cimodzi-cimodzi, zipatso ndi zinthu zina zikubvina mozungulira nkhope yace. Vidiyo imeneyo, Sledgehammer, inalandira mphoto 9 za MTV mu 1987. Caka ca 1986 comweco, vidiyo ya Walk This Way inaika gulu la rap la Run-DMC ndi gulu la rock la Aerosmith m'zipinda ziwiri zoyandikana, mpaka khoma la pakati linaboola. Aliyense anamva tanthauzo lace popanda womasulira.

Malamulo osalembedwa

Mu 1992 mphunzitsi wina wa ku Britain, Andrew Goodwin, analemba buku lofufuza miyambo ya mavidiyo a nyimbo. Anaonetsa kuti cithunzi cingathe kucita zinthu zitatu ndi mau a nyimbo: kuwaonetsa monga momwe aliri, kuwaonjezera tanthauzo, kapena kuwatsutsa. Yesani kuona vidiyo imene mumaikonda ndi kudzifunsa kuti ikucita citi mwa zitatuzi. Nthawi zina mau amakamba za cikondi ca moyo wonse pamene maso akuonetsedwa za usiku umodzi.

Palinso miyambo ina imene mungaione nokha. Zithunzi zimasintha motsatira kugunda kwa ng'oma, kotero kuti diso limabvina pamodzi ndi khutu. Kolasi ikabwerera, malo kapena gule amene munamuona poyamba amabwereranso, kuti zikhazikike m'mutu. Kamera imayandikira nkhope ya woimba kawiri-kawiri, pakuti kampani ikugulitsa nkhopeyo. Mu filimu wamba wosewera saloledwa kuyang'ana mu kamera, koma mu vidiyo woimba amakuyang'anani m'maso, ngati kuti akuimbira inu nokha. Akafuna kuti aoneke wamphamvu amamujambula kucokera pansi. Ndipo mau amene mukumva si amene anali kutuluka pakamwa pace tsiku lojambula. Anajambulidwa kale mu situdiyo, monga zinaliri m'masiku a Soundies.

Tsono pali miyambo iwiri yofunika kuicenjerera. Woyamba ndi wa cuma. Galimoto zonyezimira, nyumba zosanja ndi mikufu ya golide nthawi zambiri zimakhala zobwereka kwa tsiku limodzi. Kuonjezera apo, makampani ambiri amadula gawo la ndalama zojambulira vidiyo pa malipiro a woimba, motero iye amene mukumuona akumwaza ndalama angakhale ali m'ngongole kaamba ka vidiyo yomweyo. Akulu anati cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Botolo la cakumwa kapena foni imene kamera ikuimirirapo kwa kanthawi, kawiri-kawiri mwini wace analipira kuti ionekere.

Waciwiri ndi wa mmene akazi amaonetsedwera. M'mavidiyo ambiri mwamuna amabvala mokwanira, ali ndi dzina ndipo ali ndi mau. Atsikana omuzungulira alibe dzina, alibe mau, ndipo kamera imadula matupi ao m'zidutswa, apa miyendo, apo ciuno. Mnyamata woona zimenezi tsiku ndi tsiku amaphunzira kayang'anidwe kena, ndipo mtsikana amaphunzira kudziyesa ndi muyeso umene sanausankhe. Palibe amene amawaphunzitsa ndi mau. Diso limangozolowera.

Pamene vidiyo inakhala cida

Kungakhale kunama kunena kuti mavidiyo anangogulitsa katundu. Pa 13 July 1985, pa cikondwerero ca Live Aid ku London, David Bowie anasiya nyimbo yace imodzi kuti anthu aone filimu ya ana ofooka ndi njala ku Ethiopia, yojambulidwa ndi atolankhani a ku Canada ndi kuikidwa pamodzi ndi nyimbo ya gulu la The Cars. Anthu analira m'bwalo ndi m'nyumba zao, ndipo zopereka zinaculuka.

Caka comweco Steven Van Zandt anasonkhanitsa oimba ambiri, pakati pao Miles Davis, Bruce Springsteen, Jimmy Cliff ndi Sonny Okosun wa ku Nigeria, kulonjeza kuti sadzakaimba ku Sun City, malo a cisangalalo amene anali m'dera la Bophuthatswana mu ulamuliro wa tsankho wa South Africa. Mawailesi ambiri a ku America anakana kuiliza nyimboyo, koma vidiyo yace, yoonetsa apolisi akumenya anthu ndi maliro a ophedwa, inafika m'nyumba za acinyamata amene sanali kuwerenga nyuzipepala. Nthawi imeneyo likulu la ANC linali mu Lusaka muno, ndipo nkhondo imene iwo anaiona pagalasi makolo athu anali kukhala nayo pafupi.

Mphamvu yomweyi inautsanso mikangano. Mu 1989 Madonna anatulutsa vidiyo ya Like a Prayer, yokhala ndi mitanda yoyaka moto ndi cifanizo ca woyera mtima cosandulika munthu m'chalichi. Nkhani yace inali ya munthu wakuda womangidwa pa mlandu umene sanapalamule, koma Akhristu ambiri anaona kuti zizindikiro zopatulika zasewereredwa. Vatican inaidzudzula, ndipo kampani ya Pepsi inaleka kuonetsa malonda amene inapangana naye. Nyimboyo inafikabe pa nambala 1. Makampani anaphunzira kuti mkangano nawo umagulitsa. Kumbali ina, mu 1997 vidiyo ya Stomp ya Kirk Franklin ndi kwaya ya God's Property inaonetsedwa kawiri-kawiri pa MTV, ndipo mipingo inayamba kukambirana funso limene likalipo: kodi nyimbo ya Mulungu ingabwereke kabvinidwe ndi kajambulidwe ka dziko mpaka pati?

Kufika kwathu kuno

Wailesi ya kanema inayamba ku Kitwe mu 1961, koma kwa zaka zambiri inali ya mabanja ocepa a m'tauni. Magulu a Zamrock a m'zaka za m'ma 1970, monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family, anasiya mbale zimene lero zikufunidwa m'maiko akutali, koma mafilimu oonetsa mmene anali kuimbira ndi ocepa kwambiri. Apa mpamene timaona phindu la vidiyo limene amalonda sanaliwerengere: imasunga nkhope ndi gule wa mbadwo kuti zidzukulu zidzaone.

Makaseti a vidiyo atafika, oimba a ku Congo ndiwo anagwira mitima ya anthu. Gule wa kwasa kwasa wa Kanda Bongo Man, ndipo pambuyo pace ndombolo ya Wenge Musica ndi Koffi Olomide, anthu anaziphunzira poyang'ana pagalasi. Mu 1997 ku South Africa kunatsegulidwa Channel O, ndipo mu 2005 kunabwera MTV Base Africa. Oimba a ku Lagos, Johannesburg, Kinshasa ndi Lusaka anayamba kuonana ndi kupikisana. Makwaya nawo anapeza njira yao-yao: yunifomu imodzi, mizere yowongoka, kugwedezeka pamodzi m'mbali mwa mtsinje kapena pa kapinga wa maluwa, ndi kasewero kakafupi pakati. Umenewunso ndi mwambo, ndipo uli ndi malamulo ace monga ina yonse.

Galasi linalowa m'thumba

YouTube inayamba mu 2005, ndipo mlonda wa pacipata anacotsedwa. Mu 2006 gulu la OK Go linachuka pa dziko lonse ndi vidiyo yosadya ndalama zambiri, amuna anai akubvina pa makina othamangirapo, kamera ili malo amodzi. Mu December 2012 Gangnam Style ya Psy wa ku South Korea inakhala vidiyo yoyamba kuonedwa nthawi 1 biliyoni, ngakhale kuti ambiri oiona sanali kumva cilankhulo cace. Way Maker ya Sinach wa ku Nigeria, ya mu 2015, inayenda pa njira yomweyi mpaka kuimbidwa m'mipingo ya maiko ambiri. Jerusalema ya Master KG ndi Nomcebo Zikode inatuluka mu 2019, koma cimene cinaiulutsa ndi kavidiyo ka mu 2020 ka acinyamata a ku Angola akubvina atanyamula mbale za cakudya. M'masiku a mliri wa Covid-19 anamwino, apolisi, ansembe ndi masisitere m'maiko ambiri anajambula gule yemweyo. Apa woonera anasanduka wojambula. MTV yeniyeniyo inali italeka kale kudalira mavidiyo, ndipo kumapeto kwa 2025 mawailesi ace a nyimbo zokha-zokha ku Britain anatsekedwa.

Komabe musaganize kuti alonda anatha. Kale anali anthu okhala mu ofesi. Lero ndi makompyuta amene amawerenga zimene mwaona ndi kukupatsani zina zofanana nazo, kuti musacoke msanga. Nthawi yanu ndi ndalama zanu za mabando ndizo zikugulitsidwa.

Tsono inu amene muli ndi foni m'thumba muli ndi cida coposa cimene Bruce Gowers anali naco mu 1975. Ena a inu mudzajambula kwaya yanu caka cino. Musanayambe, khalani pansi ndi kugwirizana cimene mukufuna kuti cithunzi cinene, ndani adzaoneka ndi ndani adzabisika kumbuyo, ndiponso ngati malo amene mwasankha ndi anu kapena obwereka kuti muoneke olemera. Jambulaninso agogo amene amadziwa nyimbo zakale akali moyo.

Zokambirana pa gulu lanu

1. Sankhani vidiyo imodzi, muione mutatseka mau. Kodi zithunzi zokha zikusimba ciani? Kenaka mverani mau osayang'ana. Kodi ziwirizi zikugwirizana?

2. Werengani kuti ndi kangati pamene kamera ikuonetsa nkhope ya woimba, ndi kangati pamene ikuonetsa katundu wogulitsa. Ndani akupindula?

3. Mu vidiyo imeneyo, ndani ali ndi mau ndipo ndani ali cabe cokongoletsera?

4. Gulu lanu litapatsidwa kamera kwa tsiku limodzi, ndi nyimbo iti ndi anthu ati a m'dera lanu amene mungafune kuti ana a mtsogolo adzawaone?